Dimba la Pakati pa Madzi ndi Dzuwa: Ndiwo ndi Zitsamba M'mphepete mwa Nyanja ku Nkhotakota

Mawu amene analankhulidwa kwa alimi otsogolera, alangizi a zaulimi ndi mamembala a makomiti a chitukuko a m'madera a m'mphepete mwa nyanja, nyengo yokonza madimba itayandikira



Mlimi wa m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota sankasowa kalendala ya pakhoma. Mphepo ya mwera ikayamba kuwomba mu Meyi ankadziwa kuti madzi a m'dambo ayamba kubwerera kwawo, ndipo mpunga ukangochoka m'munda ankatsika ndi khasu kukatipula malo a mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi. Mitengo ya m'nkhalango ikavala masamba anthete ofiira mu Seputembala ankadziwa kuti dzuwa lakula, chitsime cha m'dimba chiyenera kukumbidwanso. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala ankayamba kusanzika dimba, mtima uli kumunda wa chinangwa ndi chimanga. Dongosolo limeneli silinafe, koma lagwedezeka mokwanira kuti amene akulidalira ndi maso otseka azitaya mbewu, thukuta ndi ndalama.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera. Kumapeto kwa Febuluwale mtsinje wa Dwangwa unasefukira, nugwetsa nyumba, nukokolola minda m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda ndi madera oyandikana nalo. Miyoyo inatayika, anthu zikwizikwi anakagona m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Pasanathe mwezi, pa 23 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño imene inawotcha chimanga chisanabereke. Chimanga chikufota chomwecho kumtunda, nyanja inali kukwera, mpaka inapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, msinkhu umene inali isanafikepo kwa zaka zambiri. Madimba a kunsi, amene eni ake ankayembekeza kuti awapulumutsa ku njala ya chaka chimenecho, anali pansi pa madzi pa nthawi yeniyeni yofesa.

Ambiri anadabwa kuti ng'amba ndi kusefukira zingabwere bwanji m'chaka chimodzi. Yankho lili pa gwero la madzi a nyanjayi. Madzi ochuluka amalowa kuchokera kumpoto, kudzera m'mitsinje monga Songwe, Rukuru ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, ndipo El Niño amene amaumitsa kumwera kwa Africa kawirikawiri amachulukitsa mvula kum'mawa kwa Africa. Potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene umayendetsedwa ndi zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Choncho mlimi wa ku Chia kapena ku Bua sangadziwe za madzi a m'dimba lake pongoyang'ana mitambo ya pamudzi pake. Mvula imene imamiza bedi lake la anyezi mu Epulo inagwa kutali, miyezi ingapo yapitayo, pa mapiri amene iye sanawaonepo.

Kukwera ndi kutsika kwa nyanja si kwachilendo. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika kwambiri mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Mu 1980 inakwera koposa, ndipo cha m'ma 1997 inatsikanso, anthu namanga ndi kulima pa mchenga umene inasiya. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Malo ambiri amene lero amatchedwa dimba la banja lakutilakuti ndi malo obwereka kwa nyanja, ndipo mwini wake amabwera kudzawatenga osatumiza mthenga.

Nanga mlimi atani, popeza dimba ndilo limagula sopo, mchere ndi makope a ana m'miyezi imene nkhokwe yayamba kupepuka? Nzeru yoyamba ndi yakuti asaike mbewu zake zonse pa msinkhu umodzi wa nthaka, kapena kuzifesa tsiku limodzi. Pafupifupi dimba lililonse la kunyanja kuno lili ndi zigawo zitatu, ngakhale mwini wake sanazitchulepo maina. Kunsi kuli dothi lakuda limene limachedwa kuuma. Pakati pali nthaka imene imasunga chinyontho koma siimika madzi. Kumtunda kuli mchenga umene umamwa kheni yathunthu ngati sunalawe kanthu. Nazale iyenera kukhala kumtunda, pafupi ndi njira, pamene madzi sangaifikire ngakhale chaka choipa, ndipo ifesedwe pang'onopang'ono, masabata awiri kapena atatu aliwonse. Mbande zoyamba ziwokeredwe pakati. Kunsi kudikire mpaka dothi litaleka kumata kukhasu, ndipo kulandire mbewu zofulumira kucha kapena zosadandaula chinyezi, monga mbatata ya kholowa, kuti mvula ikafulumira kubwera mu Novembala chotayika chikhale chochepa. Amene wafesa paketi yonse ya tomato tsiku limodzi amakololanso sabata imodzi, nakakumana ndi anzake onse pamsika wa pa Boma kapena pa Dwangwa, mtengo utagwa, ndowa yathunthu ikugulidwa ngati yongopatsa.

Kapangidwe ka mabedi nakonso katsate madzi, osati chizolowezi. Pachinyontho bedi likwere, kuti mizu ipume. Pamchenga bedi lilowe pansi ngati beseni, lithiridwe manyowa okwanira, kuti madzi a kheni asathawe. Kulikonseko nthaka iphimbidwe. Phunziro limeneli si lochokera kutali, pakuti alimi a ku Mwansambo ndi ku Zidyana akhala akuyesa ulimi wa mleranthaka pamodzi ndi mabungwe a Total LandCare ndi CIMMYT kuyambira cha m'ma 2005, ndipo aona ndi maso awo kuti chimanga cha pa nthaka yophimbira chimapirira ng'amba ya pakati pa dzinja kuposa cha pa mizere yambulanda. Chimene mapesi amachita kumunda, mapesi a mpunga amachitanso m'dimba. N'zomvetsa chisoni kuona utsi ukufuka m'madambo mu Juni ndi Julayi, mapesi a mpunga akupsa, pamene pafupi pomwepo mayi akutunga madzi kawiri pa tsiku kuthirira bedi losaphimbira. Ndipo mphepo ya mwera, imene asodzi amaiopa panyanja, imaphanso mbande pamtunda: imaumitsa nthaka msanga kuposa dzuwa la miyezi yozizira. Mpanda wa udzu kapena mzere wa nandolo kumbali ya kumwera umachepetsa maulendo a kuchitsime.

Pa maulendo a kuchitsimewo pali mawu ofunika kuwonjezera. Nyanja ikakwera, ng'ona ndi mvuu zimakwera nayo, ndipo zimapezeka m'mabango amene chaka chatha munkasewera ana. Madzi oima a m'mbali mwa dimba ndiwo nyumba ya nkhono zofalitsa likodzo. Chitsime chokumba mkati mwa mpanda, ngakhale chifune ntchito ya masiku awiri, n'chotchipa kuposa kutuma mwana kukatunga kumtsinje kukada.

Tsopano za mbewu zenizenizo. Dera lino lakhala likulandira mbewu zachilendo kuyambira kale. Ulimi wa mpunga unakula kuno m'nthawi ya a Jumbe, amene anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo mitengo ya coconut ya pa Linga ndi mboni ya njira imeneyo ya kunyanja yamchere. Chinangwa chenichenicho, mayi wa kondowole, kwawo ndi ku South America. Palibe tsono chifukwa chonyozera repu, tchayinizi kapena kabichi. Koma mbewu zimenezi zimafuna kugula njere chaka ndi chaka, zimafuna madzi osadukiza, ndipo ndizo zoyamba kugwa nsabwe dzuwa likakula. Bonongwe, luni, chisoso, denje, chitambe ndi nkhwani zimamera pamene zinazo zalephera, njere zake mlimi amasunga yekha, ndipo madzi akachoka m'dimba zimakhala zoyamba kupereka ndiwo, patangopita masabata ochepa. Akuluakulu a kuno akukumbukira zaka za m'ma 1980, pamene tizilombo ta kodikodi tinawononga chinangwa m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, mabanja amene ankadalira mbewu imodziyo nagona ndi njala. Dimba la tomato yekhayekha lili pa ngozi yomweyo: m'miyezi yozizira ya chinyezi limagwa chiwawu, m'chilimwe limagwa kangaude wofiira, ndipo masiku ano kuli kambozi koboola masamba ndi zipatso kotchedwa Tuta absoluta, kamene sikachedwa kuzolowera mankhwala a m'sitolo.

Apa ndi pamene nkhani ya zitsamba ikulowera, pakuti malo abwino a zitsamba ndi m'malire a dimba, kumtunda, kumene madzi safika ndiponso kumene ndiwo sizichita bwino. Mpanda wamoyo wa nimu, mthuthu, deliya, chanzi, mpungabwi ndi cham'mwamba umatchinga mphepo, umapereka masamba a manyowa, ndipo umasunga mankhwala pafupi ndi pamene akufunika. Mbewu zimenezi zikagwira sizilira kheni.

Kakonzedwe ka mankhwala ophera tizilombo n'kodziwika kwa ambiri: masamba asinjidwe, anyikidwe m'madzi usiku wonse pamodzi ndi kachidutswa ka sopo, asefedwe pa nsalu, ndipo apoperedwe madzulo. Sopo amathandiza kutulutsa mphamvu ya m'masamba ndi kuimata pa mbewu. Madzulo ndi abwino chifukwa dzuwa limawononga mphamvuyo msanga, ndiponso njuchi zimakhala zitabwerera kumng'oma. Kupopera kuyambe tizilombo tikadali tochepa, kubwerezedwe sabata ndi sabata, chifukwa mankhwala amenewa sakhalitsa pa tsamba. Amene amadikira kuti mpiru upiringizike ndi nsabwe, kenaka n'kunena kuti nimu sagwira ntchito, akunamizira mtengo.

Za mthuthu, umene ena amautcha ombwe, pali zinthu ziwiri zoyenera kudziwika. Choyamba, alimi ena akhala akudandaula kuti mthuthu wawo supha kanthu pamene wa mnzawo ukupha, ndipo sankanama. Ofufuza a ku Kew ndi a Natural Resources Institute ku Britain, pogwira ntchito ndi anzawo a kuno ku Malawi, anafalitsa mu 2012 zimene anapeza, zakuti mthuthu ulipo wa mitundu iwiri yofanana m'maonekedwe, koma umodzi ulibe mphamvu yophera tizilombo. Choncho njere zitengedwe kwa mlimi amene mthuthu wake waonetsa kale ntchito, osati pa chitsamba chilichonse cha m'mbali mwa njira. Chachiwiri n'chachikulu kwa anthu a kunyanja: mphamvu yomweyo imapha nsomba, ndipo n'chifukwa chake makolo ankauthira m'maiwe. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Mlimi amene amatsuka sipuleya kapena ndowa ya mthuthu m'mtsinje wa Bua, mmene mpasa zimakwera kukaswana, kapena m'madzi a Chia, akuwononga ndiwo za mudzi wonse pofuna kupulumutsa bedi limodzi. Zotsukira zitayidwe m'dzenje, kutali ndi madzi.

Luso lokonza zitsamba zakumwa ndi zakudya, monga ufa wa cham'mwamba, chidede chouma ndi udzu wa tiyi umene ambiri amautcha lemon grass, lagona pa kuumitsa, ndipo kuumitsa ndiko kwavutitsidwa kwambiri ndi kusinthasintha kwa nyengo. Mpweya wa kunyanja ndi wachinyezi. Tsamba limene kumtunda kwa Ntchisi lingaume msanga, kuno limachedwa, ndipo kamvula kosayembekezeka ka mu Meyi kapena mu Juni kakalipeza pa thandala limachita chuku. Masamba athyoledwe m'mawa mame atauma, atsukidwe ndi madzi a pamjigo, ayalidwe mopyapyala pa nsalu kapena pa lichero, pamthunzi podutsa mphepo. Cham'mwamba choumitsa padzuwa chimatuwa, ndipo mavitamini ena amathawa pamodzi ndi kubiriwira kwakeko. Tsamba louma bwino limathetheka m'manja. Lofewa lisalowe m'botolo, pakuti lidzawola ndi kuwoletsa anzake. Thandala la usipa likhale la usipa: tiyi wonunkha nsomba sagulidwa kawiri. Nkhani yomweyi ikhudzanso mfutso. Khwanya, chitambe ndi nkhwani zofutsa m'masika ndizo zinadyetsa mabanja ambiri m'miyezi imene madimba anali m'madzi, ndipo luso limeneli, limene atsikana ena a lero amaliona ngati lachikale, liyenera kuphunzitsidwa m'magulu a amayi mofanana ndi kasungidwe ka ndalama za banki m'khonde.

Gulu limene likufuna kugulitsa katundu wotere m'masitolo lidziwe kuti pali a Malawi Bureau of Standards oona za ubwino wa zakudya, ndiponso bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, loyang'anira mankhwala. Kulemba pa paketi kuti uwu ndi ufa wa cham'mwamba wothira m'phala n'kunena zoona. Kulemba kuti ufawu umachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi Edzi n'kuika moyo wa munthu pa chiswe, chifukwa wodwala akakhulupirira amasiya mankhwala a kuchipatala.

Mawu amenewa alemere kwambiri pa nkhani ya malungo. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene malungo amasautsa koposa, ndipo n'chifukwa chake ntchito yopopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba inayambira kuno mu 2007. Madzi akasefukira n'kutsalira m'zithaphwi, udzudzu umachuluka pa nthawi imene anthu ankaizolowera kuti ndi yopuma. Kufukiza chanzi kapena mpungabwi madzulo kumaingitsako udzudzu pakhonde, ndipo palibe choletsa, koma sikulowa m'malo mwa neti. Chitsamba cha artemisia, chimene ena amabzala kuseri kwa nyumba, n'chimenedi chimatulutsa mphamvu imene amapangira mankhwala a LA, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena momveka mu 2019 kuti tiyi wake asagwiritsidwe ntchito pochiza kapena kupewa malungo. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu ya m'tsamba imasiyanasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe. Tiyiyo angathe kuziziritsa thupi osapha tizilombo tonse, ndipo totsalato timaphunzira kupirira mankhwala amene dziko lonse likudalira. Mwana akatentha thupi apite naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena kuchipatala. Madzi a mandimu ndi jinja amuthandize chifuwa akabwerako.

Asing'anga ndi azamba akale, amene ena mwa iwo ndi anthu olemekezeka m'midzi, ali ndi dandaulo lawo loona: mitengo ya mankhwala ikutha. Muwawani umene unali kuseri kwa mudzi lero uli ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo gondolosi akukumbidwa ndi mizu yomwe kuti akagulitsidwe m'matauni. Nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene a African Parks akhala akuiyang'anira kuyambira 2015 ndipo analowetsamo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, si malo olowamo mwachisawawa, ndipo wolowa mozemba akusewera ndi lamulo ndiponso ndi njovu. Njira yotsala ndi kubzala. Nazale za m'midzi zimene zimafesa mitengo ya nkhuni ndi ya zipatso ziwonjezerepo mitengo ya mankhwala, ndipo asing'anga aitanidwe kudzatchula imene ikusowa, pakuti iwo ndiwo akuidziwa. Posenda khungwa, lisendedwe mbali imodzi, kachigawo kochepa kotsika m'litali mwa thunthu. Mtengo wosendedwa kuzungulira umafa, chifukwa chakudya chochokera m'masamba chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwalo. Amene akufuna kutsimikiza dzina la chitsamba angathe kuthandizidwa, kudzera mwa alangizi a zankhalango, ndi a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, chifukwa dzina limodzi la pamudzi nthawi zina limatchula zomera ziwiri, china chochiza, china chakupha.

Chomaliza chikhudza uthenga wa zanyengo. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo imalengeza ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, kenaka imapereka wa masiku ochepa ochepa, pamodzi ndi machenjezo a mwera kwa asodzi, ndipo wailesi ya m'dera lino ya Nkhotakota Community Radio imafika m'midzi yambiri. Ulosi si lonjezo. Ukanena kuti mvula idzakhala yochepa sukutanthauza kuti Dwangwa kapena Kaombe sadzasefukira, pakuti mvula ya usiku umodzi pa mapiri odulidwa mitengo ikwanira. Koma ulosi ukaphatikizidwa ndi zimene mudzi waona wokha umakhala chida. Pempho kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi ili: m'dambo lililonse lolimidwa madimba mukhomedwe chikhomo cholimba pamene madzi anafika mu 2024, ndipo chaka chilichonse mlembi wa komiti alembe m'kope tsiku limene madzi anayamba kubwerera, tsiku limene kunsi kunalimika, ndi tsiku limene chitsime chinaphwa. Nazale, khola la manyowa ndi mpanda wa zitsamba zikhale kumtunda kwa chikhomocho. Alangizi a ku Nkhunga, Linga, Zidyana ndi madera ena atenge makope amenewa pokonza ndondomeko ya ulimi wa m'chilimwe, ndipo magulu amene ali ndi njere za luni, bonongwe ndi mthuthu wotsimikizika awadziwitse alangiziwo mwezi uno usanathe, kuti zigawidwe kwa amene madimba awo anakokoloka nthawi yofesa isanadutse.